Tinyamuka Ikadzadza

Pali funso limodzi limene aliyense wokwera minibasi pa Ulongwe amafunsa, ndipo mayankho ake alipo awiri. Ukafunsa kondakitala kuti, "Achimwene, kodi tinyamuka nthawi yanji?" iye amayankha mosaphethira n'komwe kuti, "Pompanopompano, angotsala anthu awiri basi." Koma ukafunsa amayi achikulire amene wawapeza atakhala kale m'katimo, dengu lili pamiyendo, iwo amakuuza chilungamo: "Mwanangu, khazika mtima pansi. Tinyamuka ikadzadza."

Abambo ansembe, makolo athu ndi anzanga nonse a pa seminale pano, nkhani yanga yagona pa mawu awiri amenewa. Ambirife tidawazolowera kotero kuti tikawamva timangoseka. Ine ndakhala ndikuwalingalira kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndaona kuti kwathu msewu wabwino ulipo, magalimoto alipo ambirimbiri, njanji nayonso ili pafupi. Chimene tikusowa ndi kudziwa nthawi imene ulendo uyambike. Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma amene akuvutika nayo kwambiri ndi anthu osauka, odwala ndi okalamba, amene alibe ndalama zochitira mwina.

Kwa inu amene simudafikeko, Ulongwe ndi malo a zamalonda amene ali m'mbali mwa msewu wa M3, umene umachoka ku Blantyre, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, mpaka ku Mangochi. Tili m'dera la Mfumu Kalembo. Kale tidali m'boma la Machinga, koma kuyambira m'chaka cha 1998, pamene Balaka idakhala boma palokha, timawerengedwa mbali ya Balaka. Kum'mawa kwathu kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. Chakumpoto kuli nyanja ya Malombe, komwe kumachokera kambuzi amene timadyera nsima. Pamsika mumamva Chiyao ndi Chichewa zikuyankhulidwa mosakaniza, ndipo munthu mmodzi amatha kuyamba kutsatsa malonda m'chiyankhulo china n'kumalizira m'chinzake.

Ulongwe si mzinda ayi, koma moyo wathu udamangika ku matauni atatu: Liwonde, Balaka ndi Mangochi. Zipatala zikuluzikulu, mabanki, maofesi a boma ndi masiteshoni a sitima, zonsezi zili ku matauni amenewa. Motero sipapita sabata popanda wina wa m'banja kukwera galimoto. Msewu wa makilomita 75 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi udakonzedwanso zaka zingapo zapitazo ndi thandizo la African Development Bank, ndipo amene adaudziwa uli ndi maenje okhaokha amati tsopano n'kumwamba. Wofuna kupita ku boma lathu ku Balaka poyenda pa tara amayamba watsika kulowera ku Liwonde, n'kukhotera pa mphambano ya msewu wa M8, ndipo kawirikawiri amayenera kusintha galimoto pamenepo. Kusintha galimoto kumatanthauza kudikiranso kachiwiri.

Zokwera zilipo zamitundumitundu. Kuchoka m'midzi kufika pamsewu timadalira akabaza, ena a njinga zakapalasa, ena a njinga zamoto. Pamsewu pali maminibasi, pali timagalimoto ta Sienta timene tachuluka zaka zino, ndiponso matola a malole ndi mapikiapu onyamula anthu pamodzi ndi matumba a nsomba. Mabasi akuluakulu amadutsa apo ndi apo. Kupatula mabasi ochepa amenewa, palibe ngakhale chimodzi mwa zokwerazi chimene chimayendera wotchi. Zonse zimayendera mipando.

Bambo anga amati sizidali choncho nthawi zonse. Iwo ali mwana mabasi a dziko lino ankayendetsedwa ndi kampani ya United Transport Malawi, imene anthu ankangoitchula kuti UTM. M'chaka cha 1989 kampaniyi idagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, imene idakhala m'dziko muno mpaka 1997. Pambuyo pake padabwera Shire Bus Lines, imene nayo idatsekedwa cha m'ma 2007. Bambo sakometsera masiku amenewo. Amati mabasi adali ochepa, ankadzadza mpaka anthu kuimirira ulendo wonse, ankafera panjira, ndipo wophonya basi ankagona pa depoti, mutu atatsamira pa chikwama. Koma pali zinthu ziwiri zimene amazikumbukira mokhumbira. Choyamba, munthu ankadziwa kuti basi ya ku Mangochi imadutsa cha m'nthawi yakutiyakuti, ndipo ikachedwa aliyense ankadziwa kuti yachedwa. Chachiwiri, kondakitala ankapereka tikiti yolembedwa mtengo, ndipo mtengowo udali umodzi kwa mphunzitsi ndi kwa mlimi yemwe.

Ndidawafunsa chimene chidapha mabasi amenewa. Iwo adati zifukwa zidalipo zambiri, koma chimodzi mwa izo n'chosavuta kumvetsa. Basi yaikulu inkayenera kunyamuka nthawi ikakwana, kaya yadzadza kaya ili ndi anthu khumi okha, ndipo inkapitanso m'misewu yafumbi ya kumidzi komwe phindu lidali lochepa. Maminibasi atachuluka m'zaka za m'ma 1990, adayamba kutola anthu m'misewu yabwino basi isadafike. Anthu adasangalala chifukwa tsopano ankakwera nthawi iliyonse, osati kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Adapindula ndithu, palibe angatsutse. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope: pamodzi ndi basi yaikulu ija idapitanso nthawi yodziwika.

Kufunika kwa nthawi imeneyi ndidakuona ndi maso anga pa tchuthi chachikulu chapitachi. Agogo anga akazi, obereka amayi, ali ndi ng'ala m'maso. Adatiuza kuchipatala chaching'ono kuti pa chipatala china chachikulu pamabwera dokotala wa maso kamodzi pa mwezi, ndipo amaona anthu owerengeka okha, amene afika msanga. Amayi adagulitsa ndowa ziwiri za nandolo kuti tipeze ndalama zoyendera, ndipo poti iwo sakadatha kusiya ana aang'ono, woperekeza agogo ndidali ine.

Tidadzuka tambala woyamba asadalire. Wakabaza amene tidapangana naye dzulo lake adasunga pangano, adanyamula agogo ine ndikuthamanga pambuyo, ndipo isadakwane 6 koloko tidali titafika pa siteji. Tidapeza minibasi ili ndi anthu angapo m'kati, injini ikulira, dalaivala akusuntha pang'ono n'kubwereranso ngati akunyamuka. Mtima wanga udakhala pansi. Koma m'mene anthu ena ankakwera, ndidaona anyamata amene tidawapeza m'katimo akutsika mmodzimmodzi. Sadali apaulendo ayi. Adangowakhazikamo kuti minibasi izioneka ngati yatsala pang'ono kudzadza.

Idakwana 7 koloko tili pomwepo. Minibasi idayenda mpaka kumapeto kwa masitolo, n'kutembenuka, n'kubweranso, oyitanira akukuwa mpaka mawu kusasa. Ndidapempha kondakitala kuti, "Achimwene, agogowa akupita kuchipatala, chonde tithandizeni." Iye adayankha mwaulemu ndithu kuti, "Ndamva mfana wanga, tikunyamuka." Tidanyamuka 8 koloko itadutsa. Tisadafike n'komwe, anthu ambiri atatsikiratsikira m'njira, kondakitala adaona kuti otsalafe tachepa, ndiye adatigulitsa kwa minibasi ina, monga momwe amanenera iwo eni. Tidatsitsa agogo, tidawakwezanso, ndipo minibasi yachiwiriyo nayo idayamba kudikira kuti idzadze.

Agogo sadadandaule ngakhale kamodzi. Adangotulutsa dzanja pawindo, n'kunena chapansipansi kuti, "Dzuwali sindikuliona bwino, koma khungu langa likumva kuti lakwera. Tachedwa, mdzukulu wanga." Adanena zoona. Tidafika cha m'ma 11 koloko, ndipo tidauzidwa kuti chiwerengero cha tsikulo chakwana kale, tibwerenso mwezi wamawa. Sindiwaimba mlandu a kuchipatala, pakuti anthu amene adalembedwa adali atafika mbandakucha. Pakhomo pomwepo tidakumana ndi banja lina la kwathu konkuno likutuluka, wodwala wawo ataonedwa kale. Iwo adachita hayala Sienta yonse, adalipira mipando yonse, ndipo adanyamuka nthawi imene adafuna.

Apa m'pamene ndidazindikira kuti nthawi yodziwika ikadalipo pamsewu wathu, koma ndi ya malonda. Amene ali ndi ndalama amaigula. Amene alibe amalipira ndi tsiku lake, ndipo mwina ndi thanzi lake lomwe. Ife tidabwerera opanda kanthu, ndalama za nandolo zitathera pamsewu. Mwezi wotsatirawo, ine nditabwerera kale kuno kusukulu, amayi adagulitsa nkhuku zitatu, n'kupita ndi agogo dzulo lake kukagona kwa achibale kufupi ndi chipatalacho. Ulendo umene galimoto imauyenda kosakwana maola awiri udasanduka wa masiku awiri. Diso limodzi adalikonza, ndipo tsopano agogo amatha kusankha okha miyala mu mpunga. Diso linalo likudikira ndalama za ulendo wina.

Ndili ndi msuweni wanga amene ndi kondakitala pa msewu womwewu. Madzulo a tsiku lija ndidapita kwa iye mtima uli m'mwamba, n'kumufunsa kuti, "Asuweni, bwanji mumazunza anthu chonchi?" Iye sadakwiye. Adatola kamtengo n'kuyamba kujambula mipando ya minibasi pansi. Adati mipando yoyambirira ndi ya mafuta. Yotsatira ndi ya bwana mwini galimoto, amene amafuna ndalama yake yokwana madzulo aliwonse, kaya kudagwa mvula kaya kudali maliro. Palinso ya oyitanira ndi ya pa siteji. Mipando iwiri kapena itatu yomalizira ndiyo ya dalaivala ndi kondakitala. "Ndiye ukamati tinyamuke mipando itatu ilibe anthu," iye adatero, "ukundiuza kuti ndiyende ulendo wonse mwaulere, ana anga agone ndi njala."

Adandifotokozeranso kuti zinthu zavuta kwambiri zaka zino. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Minibasi, matayala, zipangizo zake ndi mafuta, zonsezi zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa zonse zimakwera nthawi imodzi. Mafuta akasowa, monga zidachitikira mu 2022 ndi mu 2024, dalaivala amagona pamzere usiku wonse kapena amagula a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. Lamulo limati pa mzere uliwonse wa mipando pazikhala anthu atatu, koma ambiri amakhazika anayi kuti masamu aja atheke, ndipo akaona apolisi apamsewu patsogolo mtima umagunda.

Ndidachoka kwa msuweni wanga nditamvetsa kuti kondakitala si mdani wanga. Iyenso wagwidwa mumsampha womwewo. Palibe amene adakhala pansi n'kukonza kuti agogo anga aphonye dokotala. Koma chinthu chikakhala chopanda mwini wake wochilakwitsa, sindiye kuti ndi chabwino. Ndipo pali choopsa china chimene chimabadwa m'kudikira kumeneku. Nthawi imene yatayika pa siteji, dalaivala amafuna kuibweza pamsewu. Amathamanga kuti apitirire mnzake ndi kuyamba ndiye kutola anthu a patsogolo. Chonsecho msewu wathu ukudutsa m'midzi, momwe muli ana asukulu, akabaza atasenza makala, mbuzi ndi amayi ochokera kudambo. Msewu wosalala uja, umene tidausangalalira, ndi womwewonso umene umanyenga dalaivala kuti aponde moto.

Tsopano ndinene za njanji, pakuti boma lathu la Balaka ndi kwawo kwa sitima. Njanji yoyamba m'dziko muno idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera kuchigwa cha Shire. M'chaka cha 1935 idafika ku Salima kudzera pa Balaka, ndipo chaka chomwecho mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi udatsegulidwa, kotero kuti sitima inkatha kuyenda mpaka ku doko la Beira. Tauni ya Balaka idakula kaamba ka siteshoni, ndipo anthu a ku Mangochi, komwe masiku amenewo kunkatchedwa Fort Johnston, ankabwera kudzakwerera sitima pamenepa. M'chaka cha 1970 adatsegula njanji ina yoyambira pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi m'malire a dziko lino ndi Mozambique, komwe imalumikizana ndi njanji ya ku doko la Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique idasokoneza njira zonse ziwiri za kunyanja yamchere m'zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima, imene idali m'manja mwa Malawi Railways, kwa kampani ya Central East African Railways.

Kusintha kwakukulu kudabwera ndi malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inkakumba malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, idamanga njanji yatsopano yolowera m'dziko muno pa Kachaso m'boma la Chikwawa, kudutsa ku Mwanza ndi ku Neno, mpaka pa Nkaya, ndipo idakonzanso yakale ija yopita ku Nayuchi. Njira yonse kuchoka ku Moatize kufika kunyanja ku Nacala ndi makilomita 912. M'chaka cha 2022 Vale idagulitsa migodi ndi njanjiyi kwa kampani ya Vulcan. Amene mudaimapo pa Liwonde sitima ya malasha ikudutsa mukudziwa chimene ndikunena. Mabogi ake amaposa 100, ndipo ukayamba kuwawerenga umasokonezeka usadafike pakati.

Sitima zimenezi zimadutsa usana ndi usiku, ndipo kayendedwe kake kamakonzedwa mosamala kwambiri. Pa njanji imodzi sitima ziwiri sizingaphane njira paliponse, choncho pali anthu amene ntchito yawo ndi kudziwa pamene sitima iliyonse ili ndi nthawi imene ifike pa malo opatukirana. Amatero chifukwa kudoko kumakhala chombo chikudikira, ndipo tsiku lililonse limene chombo chaima ndi ndalama zambiri zotayika. Zimenezi n'zomveka. Komabe zimandipatsa maganizo ndikaona kuti m'boma lathu lomweli malasha ali ndi ndondomeko ya nthawi, koma munthu wodwala alibe. Zikutanthauza kuti luso losunga nthawi lilipo m'dziko muno. Limapezeka pamene wina wawerengera mtengo wa kuchedwa. Kuchedwa kwa agogo anga palibe adakuwerengera.

Sitima ya anthu ilipo, yoyenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, koma imayenda masiku owerengeka okha, osati tsiku lililonse. Ndidakwerapo kamodzi ndi amalume kuchoka pa Liwonde kupita ku Nayuchi, komwe ankakagula mpunga. Sindidzaiwala ulendo umenewo. Tidagula matikiti, ndipo padalibe zonenerera mtengo. M'bogi mwathu mudali amayi a madengu a tomato, abambo a njinga, ophunzira ndi ana oyamwa. Sitimayo siithamanga, ndipo imaima pa masiteshoni ang'onoang'ono ambiri. Koma chidandichititsa chidwi n'chakuti paliponse pamene tinkaima tinkapeza anthu atakonzeka kale, matumba atamangidwa, ogulitsa nthochi, mzimbe ndi matemba atayala malonda awo m'mbali mwa njanji. Midzi ina ya kumeneko ili kutali ndi msewu wa tara, koma anthu ake amadziwa tsiku la sitima, ndipo amakonza ntchito za sabata yonse poyang'ana tsiku limenelo. Wokolola amadziwa tsiku lomangira thumba, wodwala amadziwa tsiku lopita kuchipatala. Ndidaphunzira kuti chokwera chochedwa koma chodziwika chimathandiza munthu wosauka kuposa chothamanga chimene sudziwa kuti chinyamuka liti.

M'phunziro la Jogalafe tidamva za mizinda ina ya mu Africa muno imene yachitapo kanthu pa za kayendedwe ka anthu. Ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, adatsegula mu 2015 sitima zamagetsi zoyenda m'kati mwa mzinda. Ku Dar es Salaam, kwa anansi athu a ku Tanzania, kuyambira mu 2016 kuli mabasi akuluakulu amene ali ndi mbali yawoyawo ya msewu kuti asamatsekerezedwe ndi magalimoto ena. Sindikunena kuti zoterezi zibwere pa Ulongwe. Amenewo ndi mizinda ya anthu mamiliyoni, ndipo ntchitozo zidadya ndalama zankhaninkhani. Koma cholinga cha zonsezo ndi chimodzi: kuti munthu wamba wopita kuntchito, kusukulu kapena kuchipatala athe kunena kuti ndikafika nthawi yakuti. Cholinga chimenechi sichilira mamiliyoni kuti chiyambike.

Pano pa seminale timakhalira belu. Limatidzutsa, limatilowetsa m'kalasi, limatiitanira ku chakudya, ku ntchito zamanja ndi ku masewero. Nthawi zina timang'ung'udza nalo, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni. Koma taganizani zikadakhala kuti ophika amati nsima tigawa holo ikadzadza, kapena aphunzitsi amati tiyamba masamu onse akafika. Amene wabwera msanga ndiye akadamalangidwa, ndipo wochedwa akadamapindula. Posakhalitsa tonse tikadayamba kuchedwa. Izi n'zimene zachitika pamsewu wathu. Poti minibasi siisunga nthawi, anthu nawonso safulumira kubwera pa siteji, ndipo poti anthu safulumira, minibasi imachedwa kudzadza. Wina ayenera kuyamba kudula chingwe chimenechi.

Ine ndine mwana, ndipo sindidayendetsepo bizinesi ya galimoto. Komabe ndiloleni ndipereke maganizo anga, akuluakulu awapete. Pa siteji iliyonse pali kale anthu amene amasunga mndandanda wa maminibasi kuti azinyamula anthu motsatana, ndipo eni ake ali ndi bungwe lawo la Minibus Owners Association of Malawi. Bwanji atagwirizana kuti minibasi yoyamba ya m'mawa, imodzi yolowera ku Liwonde ndi ina yolowera ku Mangochi, izinyamuka 6 koloko yeniyeni, kaya yadzadza kaya ayi? Ulendo umenewu azisinthana tsiku ndi tsiku kuti ngati pali kuluza kusagwere munthu mmodzi. Maminibasi ena onse a tsikulo apitirize monga mwa masiku onse. Nditamuuza msuweni wanga zimenezi adaseka, koma kenaka adavomera kuti sabata yoyamba yokha ndiyo ingavute. Anthu akangodziwa kuti ya 6 koloko siinama, odwala, ophunzira, aphunzitsi ndi amalonda onse angathamangire yomweyo, ndipo ingamadzadze nthawi isadakwane.

Chachiwiri, pa siteji pakhale chikwangwani cholembedwa mitengo ya malo osiyanasiyana, chizisinthidwa mafuta akakwera. Masiku ano mtengo umadalira pakamwa pa munthu. Wodziwa kunenerera amalipira zochepa, pamene nkhalamba yamanyazi kapena mwana wasukulu wosenza sutikesi amalipira zambiri. Chachitatu, zikadakhala bwino masiku a sitima ya anthu akadawonjezeredwa, popeza njanji ndi yokonzedwa kale, ndipo maminibasi akadamakumana nayo pa Liwonde ndi pa Balaka kuti ife a kutali ndi njanji tizipindula nawo.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Tikapangana nthawi tiziisunga. Tisamatsike minibasi imene yatsala pang'ono kudzadza n'kuthamangira ina chifukwa chongoona kuti yaliza injini, pakuti potero timachedwetsa onse amene tawasiya. Tisamachemerere dalaivala wothamanga, ndipo mmodzi akalimba mtima n'kunena kuti, "Adalaivala, chepetsani liwiro," enafe tisamangoti duu ngati sitidamve. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu abambo ansembe ndi makolo, muli ndi mwayi umene ife ana tilibe. Mumakhala nawo m'makomiti a chitukuko a m'madera, mumayankhula ndi mafumu, makhansala ndi aphungu, ndipo ena mwa eni maminibasi ndi anthu amene mumawadziwa bwino. Pamisonkhano imeneyi pamakambidwa za milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu, ndipo n'zoyenera. Ndikupempha kuti tsiku lina wina aimirire n'kufunsa za minibasi ya m'mawa. Pa Ulongwe mpingo ndi mzikiti zili moyandikana, ndipo Mkhristu ndi Msilamu amapanikizana pa mpando umodzi, kotero nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene onse angagwirizanepo popanda kukangana.

Kwa inu anzanga, tchuthi chayandikira, ndipo posachedwapa tikhala tikubalalika ndi masutikesi athu, ena ku Namwera, ena ku Ntaja, ena ku Utale ndi ku Phalula. Makolo athu atumiza ndalama zoyendera zimene azipeza movutikira, ndiye tizisamale. Ife tikachedwa pa siteji timangotaya maola ochezera kunyumba, koma si onse amene ali ndi mwayi wotere. Mukakhala pansi m'minibasi, funsani amene mwayandikana nawo kumene akupita. Mukapeza kuti ndi odwala kapena okalamba, apatseni mpando wa pafupi ndi chitseko, athandizeni katundu posintha galimoto, ndipo ayankhulireni kwa kondakitala mwaulemu. Ndikufunirani nonse ulendo wabwino, mukafike msanga ndiponso amoyo.